Ulendo wa Pandege Kuchokera ku Chileka Kukafika ku Lilongwe

Alimi anzathu, makamaka inu amene mumagulitsa fodya ku Limbe ndi ku Kanengo, mumafunsa kaŵirikaŵiri ngati kukwera ndege pakati pa Blantyre ndi Lilongwe kumapulumutsadi nthaŵi. Tiyeni tiŵerengere limodzi musanawononge ndalama za thukuta lanu.

Bwalo la ndege la Chileka lili pa mtunda wa makilomita 16 kuchokera mumzinda wa Blantyre. Bwalo la Kamuzu, lomwe linatsegulidwa mu 1983, lili ku Lumbadzi, pafupifupi makilomita 25 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Ndege imadutsa molunjika, choncho pakati pa mabwalo aŵiriŵa pali makilomita pafupifupi 245 okha, ndiye kuti mailosi 150 ndi pang'ono. Pamseu wodzera ku Zalewa, Ntcheu ndi Dedza mtundawo umapitirira makilomita 300 chifukwa mseu umakhotakhota m'mapiri.

Wina anganene kuti ndege yothamanga makilomita 600 pa ola ikanafika m'mphindi 25. Sizitero ayi. Ndege imayamba yayenda pang'onopang'ono pabwalo, kenaka nkukwera m'mwamba, ndipo isanathamange nthaŵi yaitali iyenera kuyambanso kutsika. Pa ulendo waufupi ngati uwu kukwera ndi kutsikako ndiko kumadya nthaŵi, kotero ulendowo umatenga mphindi 40 kapena kuposerapo pang'ono.

Koma ulendo wa munthu suyambira pabwalo. Muchoke ku Limbe, mudutse mumzinda mpaka ku Chileka, theka la ola latha kale. Muyenera kufika ola lathunthu ndege isananyamuke kuti akaone tikiti ndi kuyeza katundu. Mukatsika ku Lumbadzi mudikirenso katundu wanu, ndipo mufune galimoto yolipira. Zonsezi mukaziphatikiza ndi maola atatu, pamene basi yabwino imatenga anayi kapena asanu. Nthaŵi ya dzinja mvula yamabingu imachedwetsanso ndege, ndipo ola limene munafuna kupulumutsa likhoza kuthera pabenchi. Ubwino wake ngwakuti Kanengo ali pamseu womwewo wochokera kubwalo kupita mumzinda, ndiye wopita ku okushoni amafika msanga kuposa wopita ku Old Town.

Nanga mabelo? Apa musavutike nkomwe kufunsa. Belo limodzi limalemera pafupifupi makilogalamu 100, pamene wokwera ndege amaloledwa katundu wochepa kwambiri, ndipo zopitirira amalipiritsa pa kilogalamu iliyonse. Fodya wouma bwino saola pamseu. Zimene zimayenera ndege ndi zinthu zofota msanga monga maluŵa ndi ndiwo zamasamba.

Ife tikuona kuti ndege ili ndi phindu kwa mwini esiteti kapena mlembi wa kilabu amene ayenera kupita m'maŵa nkubwerako madzulo omwewo osalipira malo ogona. Mlimi amene akagona komweko kudikira kuti fodya wake alowe pamsika, basi imukwanira.