Za Chiyanjano cha Mipingo ya Angilikani ndi Zimene Zimaimanga Pamodzi

Anthu ambiri, ngakhale ena mwa iwo amene adabatizidwa ndi kulimbitsidwa mu Mpingo wa Angilikani, amayesa kuti Bishopu Wamkulu wa ku Canterbury ali kwa Aangilikani monga Papa aliri kwa Akatolika, kotero kuti iye akalankhula ali ku Mangalande, wansembe wa ku Likoma kapena wa ku Lagos ayenera kumvera osafunsa. Koma munthu amene afuna kuzindikira chifukwa chake akhristu amenewa, amene chiwerengero chao chifika ngati 85 miliyoni m'maiko oposa 165, amakangana poyera chaka ndi chaka koma n'kumatchulanabe abale, ayenera ayambe wataya maganizo otero. Chiyanjano cha Angilikani si mpingo umodzi wokhala ndi likulu lolamula. Ndi mipingo 42 yodziweruza yokha, imene imatchedwa zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, buku lake la mapemphero, bishopu wake wamkulu, ndi sinodi yake momwe mabishopu, ansembe ndi akhristu wamba amakhala pamodzi napangana za mpingo wao.

Dziko la Malawi lili m'Chigawo cha Pakati pa Afrika pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe ndi Botswana, ndipo mwa madayosizi 15 a chigawochi, anai ndi a ku Malawi: Northern Malawi, Lake Malawi, Upper Shire ndi Southern Malawi. Chigawochi chidakhazikitsidwa m'chaka cha 1955 mu mzinda wa Salisbury, umene lero ukutchedwa Harare, pamene Geoffrey Fisher wa ku Canterbury ndi bishopu wamkulu wa ku Cape Town adatula pansi ulamuliro umene adali nao pa madayosizi a kuno. Ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe munthu wa ku Canterbury amene angasankhe bishopu wa ku Mzuzu, kapena kusamutsa wansembe kumchotsa ku Malosa kumka naye ku Nkhotakota, kapena kusintha liu ndi limodzi lomwe m'mapemphero a Misa amene akhristu amanena pa Sabata.

Makhalidwe amenewa sadachite kukonzedwa ndi munthu atakhala pansi, koma adadza pang'onopang'ono monga nyengo zidafunira. Mpingo wa ku Mangalande utalekana ndi Roma m'chaka cha 1534, pa ufumu wa Henry VIII, udakhala zaka zoposa 200 uli mpingo wa mfumu ndi anthu ake, ndipo aliyense wodzozedwa ubishopu ankalumbira kuti adzamvera mfumuyo. Tsono anthu a ku America atadzichotsa m'manja mwa Angerezi, wansembe wao Samuel Seabury, amene sakadatha kulumbira lumbiro lotero, adapita kwa mabishopu a ku Scotland, ndipo iwo adamsanjika manja ku Aberdeen m'chaka cha 1784. Pamenepo padaoneka mpingo wa mapemphero ndi maudindo ofanana ndi a ku Mangalande, koma wosakhala pansi pa mfumu ya Angerezi. M'zaka zotsatira amishoni adafesa mbeu m'maiko ambiri, kotero kuti mu 1861 Charles Mackenzie adafika ku Magomero ndi anzake a mishoni ya UMCA, ndipo mu 1864 Samuel Ajayi Crowther, Myoruba amene adagwidwapo ukapolo ali mnyamata, adadzozedwa ku Canterbury kukhala bishopu woyamba wachikuda mu mpingowu.

Mlandu umene udayamba kusonkhanitsa mabishopu onse pamodzi udabukira mu Afrika muno. John William Colenso, bishopu wa ku Natal, yemwe Mackenzie adatumikirapo pansi pake asanabwere ku Shire, ankamasulira Malembo m'Chizulu ndi thandizo la William Ngidi; ndipo Ngidiyo atamfunsa ngati iye akhulupiriradi kuti nyama zonse za pa dziko zidakwana m'chingalawa cha Nowa, bishopuyo adasowa yankho loti mtima wake ulivomereze, nalemba mabuku otsutsa kamvedwe kakale ka mabuku asanu a Mose. Robert Gray, bishopu wa ku Cape Town, adamweruza namchotsa paudindo mu 1863. Koma Colenso adakadandaula ku bwalo la aphungu a mfumukazi ku London, ndipo mu 1865 bwalolo lidagamula kuti Gray adalibe mphamvu yochita zimenezo. Mitima ya ambiri idavutika, pakuti kudaoneka kuti panalibe bwalo la mpingo lotha kuweruza za chikhulupiriro cha Aangilikani onse. Mabishopu a ku Canada adapempha Charles Longley wa ku Canterbury kuti aitane abale ake onse, ndipo mu September 1867 mabishopu 76 adasonkhana ku nyumba yake ya Lambeth ku London. Bishopu wamkulu wa ku York adakana kubwera, poopa kuti msonkhanowo ungadzisandutse bwalo lolamula. Ndipo Longley mwini adanenetsa kuti adaitana anzake kuti adzapangane uphungu ndi kulimbikitsana, osati kudzapanga malamulo omanga wina aliyense.

Chotero Msonkhano wa Lambeth udabadwa wopanda ndodo m'manja, ndipo ukhalabe wotero kufikira lero. Umachitika pafupifupi kamodzi pa zaka 10, ndipo chiyambire 1978 umakumana mu mzinda wa Canterbury ngakhale dzina lake silidasinthe. Mfundo zake zili ndi kulemera kwa mau a akulu, koma sizikhala lamulo m'chigawo chilichonse kufikira sinodi ya chigawocho itazilandira mwa kufuna kwake. Mwa zonse zimene msonkhanowu udavomerezapo, zimene zakhalitsa koposa ndi mfundo zinai za mu 1888, zimene mabishopu a ku America adayamba kuzinena ku Chicago mu 1886: kuti Malembo Oyera a Chipangano Chakale ndi Chatsopano ali nazo zonse zofunika pa chipulumutso, kuti Chikhulupiriro cha Atumwi ndi cha ku Nicaea zikwanira kufotokoza chiphunzitso cha Chikhristu, kuti Ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye ndiwo masakramenti amene Khristu mwini adawakhazika, ndi kuti ubishopu wochokera kwa makolo akale usungidwe, ngakhale kayendetsedwe kake kasiyane monga mwa zosowa za mitundu ya anthu. Maziko ake ndi ochepa chomwecho, ndipo adawachepetsa dala, chifukwa adalembedwa ngati khomo lotsegukira akhristu a mipingo ina.

Nanga Bishopu Wamkulu wa ku Canterbury, ngati salamula, ntchito yake n'chiyani? Mpando wake ndi umene adakhalapo Augustine, amene Papa Gregory adamtuma kwa Angerezi nafika m'chaka cha 597, ndipo chifukwa cha ukale umenewu iye amayesedwa woyamba pakati pa anzake olingana naye udindo. Ulemu wake ufanana ndi wa mwini mbumba, amene amaitana abale pakagwa mlandu kapena maliro, nayamba ndiye kulankhula pabwalo, koma sangatape chimanga m'nkhokwe ya mlongo wake osapempha. Iye ndiye amatumiza makalata oitanira ku Lambeth, ndipo mphamvu yake yeniyeni ili m'kalata imeneyo, pakuti kuitanidwa ndiko kuzindikiridwa kuti uli wa m'banja. Komabe pali chinthu chimene chimawawa mitima ya ambiri, ndipo ine ndiyesa kuti kuwawako n'koyenera: munthu ameneyu ndi bishopu wa Mpingo wa ku Mangalande, dzina lake limasankhidwa ndi komiti ya kumeneko napita nalo kwa nduna yaikulu ndi kwa mfumu ya Britain, chonsecho Aangilikani ochuluka amene amadzaza matchalitchi pa Sabata ali ku Nigeria, Uganda, Kenya, South Sudan ndi maiko ena a kumwera kwa dziko. Mu 2022 malamulo adasinthidwa kuti anthu asanu ochokera ku zigawo zina akhale nao m'komitiyo, mwa anthu 17 oponya voti, koma kusinthako sikudathetse dandaulo.

Popeza mutu umodzi susenza denga, ndipo mpingo si mabishopu okha, Msonkhano wa Lambeth wa mu 1968 udapempha kuti pakhale khonsolo yaupangiri, Anglican Consultative Council, imene idayamba kukumana ku Limuru m'dziko la Kenya mu 1971. Mwa mabungwe onse a Chiyanjano, ndi khonsolo yokhayi imene ansembe ndi akhristu wamba, amuna ndi akazi, amakhalamo ndi voti yolingana ndi ya bishopu, ndiponso ndiyo imasunga mndandanda wa zigawo, kotero kuti chigawo chatsopano, monga cha Mozambique ndi Angola chimene chidakhazikitsidwa mu 2021, chimalowera pa khomo limeneli. Imakumana pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ili ndi ofesi ku London, ndipo kuyambira 2009 mpaka 2016 wapampando wake adali James Tengatenga, amene adali bishopu wa Southern Malawi. Kuonjezera pa Bishopu Wamkulu wa ku Canterbury, Msonkhano wa Lambeth ndi khonsoloyi, chida chachinai chomanga Chiyanjano ndi msonkhano wa mabishopu aakulu a zigawo zonse, umene Donald Coggan wa ku Canterbury adauyambitsa, nukumana koyamba ku Ely mu 1979 kuti akuluwo azipemphera ndi kucheza mofatsa. Palibe china mwa zida zinaizi chimene chili pamwamba pa chinzake, ndipo izi zidaonekera poyera mu 2016, pamene mabishopu aakulu, atakumana ku Canterbury mu January, adapempha kuti mpingo wa Episcopal wa ku America uleke kwa zaka zitatu kutenga nao mbali pa zigamulo za chiphunzitso, koma khonsolo itakumana ku Lusaka mu April, nthumwi za mpingowo zidakhala pansi ndi anzao nkhani zonse zili mkati.

Wina angafunse kuti, ubale wopanda bwalo loweruza ungathandize chiyani pa tsiku la tsoka? Yankho lake lidaoneka ku Harare. Mu 2007 Nolbert Kunonga, bishopu wa dayosizi imeneyo, adalengeza kuti waichotsa m'Chigawo cha Pakati pa Afrika, nagwira matchalitchi, masukulu ndi katundu wa mpingo. Ndipo ngakhale chigawo chidamchotsa mu mpingo, akhristu zikwizikwi adapitirira kutsekeredwa kunja kwa nyumba zao zopemphereramo, namachita Misa pansi pa mitengo ndi m'mahema. Canterbury idalibe msilikali kapena woweruza woti itume. Chimene Chiyanjano chidachita ndicho kukana kumzindikira Kunonga, ndi kuzindikira bishopu amene chigawo chidamuika, Chad Gandiya. Ndipo mu October 2011 Rowan Williams, amene pa nthawiyo adali Bishopu Wamkulu wa ku Canterbury, atachokera ku Malawi kumene adakumbukira nao zaka 150 za kufika kwa amishoni ku Magomero, adapita ku Harare, nachita Misa ndi khamu lalikulu, nakapereka m'manja mwa Robert Mugabe chikalata cha nkhanza zimene akhristuwo adaziona. Katundu adabwezedwa ndi chigamulo cha bwalo lalikulu la Zimbabwe mu November 2012, osati ndi mau a mpingo. Koma pa zaka zonse zisanu za msautsowo panalibe munthu wokayika kuti abale a m'maiko onse aima ndi yani.

Palinso zingwe zina zosatchuka zimene m'maso mwanga zigwira ntchito yoposa misonkhano ya akulu. Amayi a Mothers' Union, bungwe limene Mary Sumner adaliyambitsa mu 1876, amadziwana ndi kupemphererana kudutsa malire a maiko. Madayosizi amamanga ubwenzi awiriawiri, monga wa Birmingham ndi Malawi umene udayamba mu 1966. Ndipo pali kalendala ya mapemphero imene imatchula madayosizi a dziko lonse mosinthanasinthana, kotero kuti mkhristu amapempherera bishopu amene sadzamuona ndi maso.

Akale adati chibale ndi fupa sichiola, koma fupa limatha kuthyoka, ndipo m'zaka za posachedwapa lalandira nkhonya zowawa. Nkhani ya kudzoza akazi idagawanitsa maganizo, kuyambira pamene Florence Li Tim-Oi adadzozedwa unsembe mu dayosizi ya Hong Kong mu 1944 kufikira Barbara Harris atakhala bishopu ku Massachusetts mu 1989, komabe zigawo zidalolana kuti chilichonse chiyende monga chikumbumtima chake chichiuza. Nkhani ya ukwati ndiyo yakana kutha motero. Mu 1998 Msonkhano wa Lambeth udanena kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, koma mu 2003 mpingo wa ku America udadzoza Gene Robinson, mwamuna wokhala ndi mwamuna mnzake, kukhala bishopu wa New Hampshire. Mu 2008 mabishopu ambiri osakondwa adasonkhana ku Yerusalemu nayambitsa gulu la GAFCON, ndipo a ku Nigeria, Uganda ndi Rwanda sadapite ku Lambeth chaka chimenecho, ngakhalenso mu 2022. Kudayesedwa kulemba pangano loti zigawo zisainire, kuti pakhale njira yoweruzira mikangano, koma madayosizi a ku Mangalande komweko adalikana mu 2012. Ndipo mu October 2025, Sarah Mullally atatchulidwa kuti ndiye adzakhala mkazi woyamba pa mpando wa Canterbury, atsogoleri a GAFCON adalengeza kuti sazindikiranso zida zinai zija.

Ine ndikhulupirira kuti amene akana kubwera ataitanidwa amataya chinthu chokhacho chimene chidaumanga ubalewu chiyambire 1867, pakuti kumene kulibe lamulo lokakamiza, kukhala pansi pamodzi ndiko mphamvu yonse. Komanso amene amasintha zinthu zazikulu kwao osadikira kumva abale, namati malamulo a chigawo chao awaloleza, amaiwala kuti ufulu umenewo adaulandira pamodzi ndi mangawa a kufunsana. Zigawo zambiri, ngakhale zina zimene zimatsutsa kolimba zochita za ku America ndi ku Mangalande, zikadali m'khonsolo ndipo zimafikabe ku misonkhano. Pamaso pao pali maganizo amene komiti ya za chiphunzitso ndi umodzi idatulutsa mu 2024, otchedwa Nairobi-Cairo Proposals, amene afuna kuti mau ofotokoza Chiyanjano, olembedwa ku Lambeth mu 1930, akonzedwe kuti chigawo chisayesedwe cha m'banja chifukwa chokha cha kugwirizana kwathunthu ndi Canterbury, ndi kuti utsogoleri wa misonkhano ugawidwe pakati pa mabishopu aakulu a madera osiyanasiyana. Maganizowo adaikidwa kuti akakambidwe ndi khonsolo ku Belfast mu 2026, ndipo ngakhale khonsolo itawavomera, kudzatsalabe kwa chigawo chilichonse, pamodzi ndi cha Pakati pa Afrika, kunena chokha ngati chidzayenda nao.