Jakisoni wotontholetsa nkhuli

Munthu akhoza kudya n'kukhuta bwinobwino, koma mtima n'kumakhalabe pa mandasi otsala m'kabati. Imeneyo si njala, ndipo kwa anthu ambiri onenepa mopitirira muyezo ndi maganizo osatha, oyamba m'mawa mpaka pogona. Anzawo amangoti ndi dyera. Mankhwala atsopano ochepetsa thupi akusonyeza kuti mlanduwu tinauweruza mofulumira.

Tikadya, matumbo amatulutsa homoni yotchedwa GLP-1, imene imauza ubongo kuti zakwana. Koma imatha mphamvu m'mphindi zochepa chabe. Kampani ya ku Denmark ya Novo Nordisk inapanga semaglutide, wofanana ndi homoniyo koma wokhalitsa m'magazi, moti munthu amabaya kamodzi pa mlungu. Anayamba ngati mankhwala a matenda a shuga pa dzina la Ozempic mu 2017, ndipo mu 2021 boma la America linawavomereza kuti azichepetsa thupi pa dzina la Wegovy. Mtundu wonse wa mankhwalawa unayambira pa malovu a buluzi wa m'chipululu wotchedwa Gila monster, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Kafukufuku wa John Blundell wa ku yunivesite ya Leeds, wofalitsidwa mu 2017, anatsata anthu 30 onenepa kwambiri. Atabayidwa semaglutide kwa milungu 12, chakudya chimene ankadya chinatsika ndi 24 peresenti. Kukhuta msanga kunalipo, poti mankhwalawa amachedwetsa chakudya m'mimba, koma anthuwo ananenanso kuti chilakolako chinazirala ndipo zamafuta sizinkawakopa ngati kale. Apa mpamene pagona nkhani. Mankhwalawa amafika m'zigawo za ubongo zoona za njala, ndipo akuoneka kuti amakhudzanso zigawo zimene zimatichititsa kulakalaka chinthu chokoma. N'chifukwa chake ena amati ngakhale mowa sukuwapatsanso mudyo, ndipo kafukufuku wochepa wa mu 2025 ku America, wa anthu 48, anapeza kuti chilakolako cha mowa chinatsikadi.

Pa sikelo zotsatira zake n'zazikulu. M'kafukufuku wa STEP 1, wa anthu 1,961, obayidwa semaglutide anatsika thupi ndi pafupifupi 15 peresenti m'milungu 68. Tirzepatide, mankhwala ena a kampani ya Eli Lilly odziwika kuti Mounjaro kapena Zepbound, anafika cha m'ma 21 peresenti m'kafukufuku wina. Mtengo wa mankhwalawa ndi nseru, kusanza, kutsegula m'mimba kapena kudzimbidwa, kuphatikizapo ndalama zimene ambiri sangazikwanitse mwezi ndi mwezi.

Otsatsa malonda sakonda kutchula chimene chimachitika munthu akaleka jakisoni. Ena mwa anthu a mu STEP 1 anatsatiridwa kwa chaka chimodzi atasiya mankhwala, ndipo magawo awiri mwa atatu a thupi limene linachoka anali atabwerera. Nkhuli ija mankhwalawa saichotsa, amangoitsekera pakamwa nthawi imene ali m'magazi, ndipo madokotala ambiri tsopano amauza odwala kuti akonzekere kubaya kwa zaka, monga amachitira munthu wodwala BP.