Za Kuyesa Mzere wa Ndakatulo

Aphunzitsi ena atifunsa chifukwa chake nyimbo zina zotembenuzidwa kuchokera ku Chingerezi zipunthwitsa lilime la ana. Tsono tiyambe ndi mayina. Ndakatulo imangika ndi mizere. Mizere ikasonkhana ipanga ndime. Ndipo mzere uyesedwa ndi maphatikizo ake. Manambala aja 8.6.8.6, olembedwa pamwamba pa nyimbo m'mabuku ena, atanthauza kuti mzere woyamba uli ndi maphatikizo 8, wachiwiri 6, ndi momwemonso iwiri yotsalayo. Powerenga musaiwale kuti "m" wa m'mawu oti mtengo aima payekha: m-te-ngo, atatu. Pofuna kukwaniritsa chiwerengero chotere, otembenuza ena adafupikitsa mawu, nalemba Mlungu ndi Mbuye.

Koma kuwerenga kokha sikukwanira ayi. M'chinenero chathu, pothera mawu liwu litalika pa phatikizo lotsogolera lomaliza, monga "lu" m'dzina la Mulungu. Pamene maimbidwe ambiri a ku England atsiriza mzere mwamphamvu pa lomaliza lenilenilo. Pamenepo woyimba akakamizika kukoka "ngu", ndipo dzinalo limveka lachilendo m'kamwa mwa mwini chinenero.

Chifukwa chake, inu aphunzitsi ndi akatekisiti, musanaphunzitse nyimbo yambani mwauza ana anene mzere uliwonse monga alankhulira kumudzi, naombe m'manja pa phatikizo lotalika. Akatero ayimbe. Kumene kuomba kusiyana ndi maimbidwe, ikani chizindikiro, pakuti mawu a pamenepo afunika kukonzedwa.