Wagwa kangati? Funso lina likusowa ku Lusaka

Aliyense wokwera minibasi yochoka m'tauni kupita ku Chelstone amadutsa pa Chainama, m'mbali mwa msewu wa Great East. Chipatala cha matenda a maganizochi chinatsegulidwa mu 1962, ndipo kwa anthu ambiri a mu Lusaka dzina lake ndi lonyozera munthu. Ukamva wina akuti mnzake ndi wa ku Chainama, dziwa kuti akumunena misala. Nchifukwa chake munthu wodwala khunyu, yemwe kale anthu akumuloza zala, salola kuti aonjezerepo dzina lachiwiri. Mtima ukamulemera amangokhala chete.

Kuchete kumeneku nkoopsa. Madokotala a ubongo amadziwa kuti matenda ovutika maganizo amagwira anthu a khunyu kwambiri kuposa anthu ena. Chifukwa china chimachokera mu ubongo momwemo, pakuti matenda awiriwa amayenderana. China chimachokera m'mankhwala: phenobarbital, wotchipa komanso wodalirika kwa osauka, amatha kufoola munthu ndi kumuchotsera chimwemwe. Chotsalacho ndi ife anthu. Alipobe okhulupirira kuti ukakhudza thovu la wogwa, nawe utenga khunyu, bodza lomwe lachititsa ena kupsa pa mbaula anzawo ataima patali kuonerera.

Dr Gretchen Birbeck, yemwe wagwira ntchito zaka zambiri ku Chikankata, ndi anzake a ku Zambia adaonetsa m'kafukufuku wa mu 2007 kuti anthu a khunyu m'dzikomo amatsalira pa sukulu ndi pa chuma poyerekeza ndi odwala matenda ena osasalidwa. Mwana wochotsedwa sukulu, mayi wobwezedwa kwawo, mnyamata wobisa matenda kuopa kuchotsedwa ntchito, mtima wake ungakhale bwanji? Ndipo si za osauka okha. Kuseri kwa mipanda italiitali ya ku Kabulonga ndi Woodlands kubisa nkosavuta, alendo akabwera wodwala amangouzidwa kuti akhale kuchipinda.

Pa kiliniki pamene mzere wafika panja, funso limakhala limodzi: mwagwa kangati mwezi uno? Kenako mapiritsi, wotsatira alowe. Edward Mbewe wa ku Chainama, pamodzi ndi Birbeck ndi ena, adaona kuti funso la maganizo likusowa. Mu 2013 adafalitsa mafunso ochepa omwe wachipatala wa pa kiliniki wamba, ngakhale ya ku Kabwata, angafunse m'mphindi zochepa kuti azindikire wodwala khunyu yemwe akuvutikanso maganizo kapena nkhawa. Ntchitoyi siifuna makina a mtengo wapatali, imafuna munthu wofunsa ndi womvetsera. Mankhwala monga fluoxetine amaperekedwa kwa anthu a khunyu, dokotala akaunika bwino, ndipo nthawi zina kungosintha mankhwala a khunyuwo kumathandiza.

Zina zasintha. Chipatala cha UTH chinayamba kuphunzitsa madokotala ake a ubongo mu 2018, ndipo lamulo la Mental Health Act la 2019 linalowa m'malo mwa lachitsamunda lija lotcha odwala mayina achipongwe. Bungwe la WHO likuti anthu ofika 70 pa 100 alionse a khunyu angasiye kugwa atalandira mankhwala oyenera. Koma wotaya mtima ndi amene amayamba kudumphitsa mapiritsi, kugwa nkubwereranso. Wofika poganiza zodzipha angaimbe 933, nambala yaulere ya Lifeline Childline Zambia.