ZINKI YA KU KABWE NDI MWALA WOZUNGUZA AKATSWIRI

ANTHU a mu mzinda wa Kabwe adziwa zinki ndi mtovu kuposa mbali iliyonse ya Zambia, pakuti mgodi wao unafukula miyala iyi kucokera mu 1906 kufikira pamene unatsekedwa mu 1994. Koma ndi ocepa amene anamvako kuti zinki, ikakumana ndi mkuwa m'mwala umodzi, yabweretsa funso limene akatswiri a sayansi akali kulimbana nalo.

Nkhani iyamba ndi maginito. M'citsulo muli tinthu tocepetsetsa tochedwa maatomu, ndipo atomu iliyonse ili ngati kamuvi koloza mbali imodzi. Timivi tikaloza kumodzi, citsulo cikoka cinzace. Cikatenthedwa kupyola madigiri 770, timivi timwazikana ndipo mphamvu yokoka itha, monga mmene Pierre Curie wa ku France anaonetsera mu 1895. Cikazizira, timivi tibwereranso mumzere, monga madzi aumira m'cisanu.

Kwa zaka zambiri anthu anayesa kuti cinthu ciriconse ca maginito cikazizira kotheratu, timivi tace tiyenera kukhazikika. Mu 1973 Philip Anderson wa ku America anatsutsa. Iye anati pangapezeke cinthu cimene timivi tace sitikhazikika ngakhale pa madigiri 273 pansi pa ziro, pamene palibe cinthu cingazizire kupyolapo.

Mwala umene wafika pafupi ndi mau ace uchedwa herbertsmithite. Ndi wobiriwira, unapezeka ku Chile, ndipo unapatsidwa dzina mu 2004 pokumbukira Herbert Smith, amene anagwira nchito m'nyumba yosungiramo zakale ku London, kumene kulinso cigaza ca munthu wakale cimene cinafukulidwa ku Kabwe mu 1921.

M'mwala uwu maatomu a mkuwa ayalana m'magawo opyapyala ngati mphasa zosanjikizana, ndipo zinki ikhala pakati kuti mphasa ina isamvane ndi inzace. Pa mphasa iliyonse maatomu a mkuwa akhala atatu-atatu monga mafuwa, m'malukidwe a dengu amene a ku Japan acha kagome. Lamulo lace nlakuti kamuvi kalikonse kaloze mosiyana ndi ka pafupi. Awiri angathe kutero, wina kumwamba wina pansi. Nanga wacitatu aloze kuti? Akatsutsa woyamba, wagwirizana ndi waciwiri. Mlandu wa anthu atatu otere palibe mfumu ingaugamule, ndipo timivi tingotembenuka-tembenuka osaleka.

Akatswiri a sukulu ya MIT ku America anaupanga okha mwala uwu mu 2005. Pouziziritsa kufikira pafupi kweni-kweni ndi malire a kuzizira, anapeza kuti timivi sitinaume. Codabwitsa ncakuti akacotsa zinki naikapo mkuwa, mphasa zija ziyamba kumvana ndipo timivi tikhazikika pa madigiri pafupi-fupi 267 pansi pa ziro. Apa cosintha khalidwe la mwala ndi zinki imene ili pakati. Ena ayembekezera kuti nzeru iyi idzathandiza kupanga makompyuta a mtundu watsopano. Mu 2016 David Thouless, Duncan Haldane ndi Michael Kosterlitz analandira mphoto ya Nobel cifukwa ca maphunziro a makhalidwe acilendo a zinthu zopyapyala ndi za mumzere umodzi.

Mgodi wa Kabwe nawonso unapatsa dziko miyala imene inali isanadziwike, monga tarbuttite ndi parahopeite. Mu 2005 R. S. W. Braithwaite, yemwe ndi anzace anacha dzina la herbertsmithite, analengeza mwala wina watsopano wa mkuwa ndi zinki wochedwa zincolibethenite, wocokera mu mgodi womwewu. Zopima zonsezi zinacitikira kunja kwa nyanja. Cimene cinatsalira anthu a m'Kasanda, Makululu ndi Chowa ndi fumbi la mtovu, limene madokotala alipeza loculuka m'magazi a ana.