Akavalo atagonja kwa kashembe, katundu wa nkhondo anasenza ndani?

Pa injini ya chigayo pamakhala zilembo ziwiri: HP. Ndi chidule cha horsepower, muyeso umene James Watt wa ku Scotland ankagwiritsa ntchito poyerekeza injini zake za nthunzi ndi akavalo. Horsepower imodzi ndi mawati 746. Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Mukakweza thumba la makilogalamu 75 m'mwamba mita imodzi pa sekondi imodzi, ndiye 75 × 10 × 1, mawati 750. Kavalo mmodzi ameneyo. Munthu wogwira ntchito tsiku lonse amatulutsa mawati pafupifupi 75 okha. Sungani m'mutu: kavalo mmodzi, anthu khumi.

N'chifukwa chake pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, asilikali ankadalira akavalo. Ku Ulaya ankakoka mizinga, chakudya ndi ngolo za ovulala, m'matope mmene galimoto zinkatitimira, mabomba akuphulika uku ndi uku. Akavalo, abulu ndi nyulu mamiliyoni anafera komweko.

Nkhondoyi inafikanso kuno. Pa 9 Seputembala 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo inamenyedwanso ku German East Africa, kumene mbali yake yaikulu lero ndi Tanzania. Mu 1916 asilikali a ku South Africa, motsogozedwa ndi Jan Smuts, analowa m'dzikomo pa akavalo zikwizikwi. Ambiri mwa akavalowo sanaphedwe ndi chipolopolo ayi, koma ndi kashembe. Ntchentche imeneyi ikaluma imasiya m'magazi tizilombo totchedwa Trypanosoma, tofanana ndi timene timayambitsa kaodzera kwa anthu. Magazi amachepa, mpweya wa okosijeni sufika mokwanira m'minofu, ndipo minofu imalephera kutulutsa mphamvu ya m'chakudya. Kavalo amaonda, mawati 746 aja n'kumatsika, mpaka kugwa panjira katundu ali pamsana.

Ndiye katunduyo anasenza ndani? Makolo athu. Boma la atsamunda linalemba amuna pafupifupi 200,000 a m'Nyasaland, ambiri mowakakamiza, kuti akhale atengatenga. Aliyense ankasenza makilogalamu pafupifupi 25 pamutu.

Apa pali samu imene ndimakonda kupereka m'kalasi. Mphamvu siichokera kumwamba. Wonyamula ayenera kudya. Tinene kuti amadya kilogalamu imodzi ya ufa patsiku, ndipo wasenza ufa womwewo. Ulendo ukakhala wa masiku 10 kupita ndi 10 kubwerera, adya makilogalamu 20, msilikali n'kulandira 5 okha. Ukaposa masiku 12 ndi theka kupita kokha, palibe chofika. Mukuona? Mtunda ukamatalika pamafunika anthu ambiri, chakudya n'kumapereweranso. Atengatenga ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi malungo, osaonanso kwawo.

Kuno kwa Chitukula kavalo ndi wosowa, ena mwa inu mwina simunamuonepo. Koma ngolo za abulu ndi ng'ombe zonyamula chimanga ndi fodya mumakumana nazo tsiku lililonse. Yesani kufunsa mwini ngolo kuti wakweza matumba angati a makilogalamu 50. Chulukitsani, mugawe ndi 25. Yankho lanu ndi chiwerengero cha amuna amene akanasenza katunduyo pamutu mu 1916. Mubwere nalo m'kalasi.