Mkute wa supageti usapite kwa nkhuku

Kuno kwa Mwase supageti si chakudya cha tsiku ndi tsiku. Timamugula ndalama za fodya zikayamba kutuluka ku okushoni ya ku Chinkhoma, pa Khirisimasi, kapena kukabwera alendo ochokera ku Lilongwe. Ndiye poti dzanja lathu linazolowera kuyeza ufa, timaphika wambiri woti banja silingamalize. Wotsalayo amagwirana mumphika, amauma m'mbali, ana n'kumukana. Ndaonapo amayi anzanga akumukhuthulira nkhuku, chinthu chogulidwa ndi thukuta la chaka chathunthu. Mtima umandiwawa.

Anthu a mumzinda wa Naples, kummwera kwa Italy, vuto limeneli analithetsa kalekale. Kumeneko pasita, monga supageti, ndiye nsima yawo, ndipo tauni ya Gragnano, yomwe ili pafupi, imatchuka pomupanga. Mabanja osauka sankataya wotsala. Ankamusakaniza ndi mazira n'kumukazinga mpaka agwirane kukhala chinthu chimodzi chodula ndi mpeni. Amati frittata di maccheroni. Mpaka lero amanyamula popita kunyanja, kapena kokayenda Lolemba lotsatira Pasaka, chifukwa chimakoma ngakhale chitazizira. Pali mtundu winanso wa nyengo ya Lenti, wopanda mazira, womwe amathiramo tinsomba ta mchere. Anthu amaulumikiza ndi Ippolito Cavalcanti, yemwe anasindikiza buku la zophikaphika mu 1837.

Ine ndimaphika chonchi. Pa mbale ziwiri zodzaza za supageti wophikaphika ndimaswa mazira anayi. Mazira akachepa chinthucho chimamwazika potembenuza, akachuluka mwangokazinga mazira basi. Ndimayamba ndakazinga anyezi ndi tomato mmodzi mpaka madzi onse aume, pakuti madzi ndiwo amalepheretsa kugwirana. Ndimamenya mazirawo ndi mchere ndi kambuzi pang'ono, ndimathiramo anyezi uja atazizirako, kenako supageti, n'kumatakasa ndi foloko kuti chingwe chilichonse chinyowe. Ku Naples amathiramo tchizi ndi salami. Tchizi kuno ndi wodula, komanso kumupeza n'kovuta, ndipo sindiona chifukwa chomuvutikira. Nyama ya nkhuku yotsala, yonyenyanyenya, imalowa bwino. Repu kapena mpiru wofwafwaza n'kufinya madzi nayenso amalowa. Usipa wouma wokazinga, wochotsa mitu, ndi umene ndimaukonda koposa.

Luso lonse lili pa moto. Mbaula ikhale ya makala oti ayamba kuchita phulusa, osati oyaka lawilawi. Thirani mafuta ophikira masipuni atatu m'chiwaya chaching'ono, atenthe, khuthulirani zonse, tsinderani ndi chipande kuti pamwamba pasalale. Mukatero musiyeni. Apa ndi pamene ambiri amalephera, chifukwa dzanja limafuna kuvundula monga tichitira ndi mazira a m'mawa. Dikirani mphindi pafupifupi 8, muzingozungulitsa chiwayacho kuti moto ufike mbali zonse. M'mbali mukayamba kufiira, ndipo mukagwedeza chonsecho chikuyenda pamodzi, vundikirani ndi mbale yaikulu yafulati, gwirani ndi nsalu, tembenuzani mwakamodzi. Onjezerani timafuta, bwezerani m'chiwaya mbali yosapsayo ili pansi, mphindi zina 5 kapena 6. Kunja kumakhala kofiirira, kokukutika ngati nkhoko, mkati mofewa. Chipole kaye musanadule.

Pali chinthu chimene sindingachibise. Supageti wophika, monganso mpunga, akakhalitsa pofunda mumaswana tizilombo totchedwa Bacillus cereus, ndipo poizoni wake satha ngakhale mukazinge chotani. Amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Amene ali ndi firiji aikemo wotsalayo pasanathe maola awiri, adzaphike mawa lake. Ife ambiri opanda magetsi tisamugoneke. Mukangoona kuti watsala, swani mazira nthawi yomweyo moto usanazime, ndipo mudye tsiku lomwelo. Makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala musayerekeze.

Nthawi imene chakudyachi chimandithandiza kwambiri ndi yosoka ndi kusankha fodya, pamene banja lonse limaswera m'chigafa ndipo palibe wofuna kubwerera kukhitchini. Ndimaphika supageti wamasana, wotsalayo ndimamukazinga pompo, ndimadula magawo asanu ndi limodzi n'kuika m'mbale yovundikira. Dzuwa likapendeka aliyense amatenga gawo lake, osafuna ndiwo kapena supuni. Koma pakhomo la chigafa ndimaika ndowa ya madzi ndi sopo, ndipo sindilola munthu kugwira chakudya asanasambe bwinobwino, chifukwa utomoni wa fodya umene umamatirira m'manja uli ndi nikotini, ndipo umachititsa chizungulire ndi nseru.